Penti Akamasupuka Pamapiko a Tindege Tanu

Loweruka madzulo timakumana anthu anayi pakhonde la alamu anga, chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Ena akamakangana pa bawo pansi pa mtengo wa mango, ife timayala nsalu yabuluu patebulo, n'kuikapo tindege ta nkhondo ya m'chaka cha 1940, Spitfire, Hurricane ndi Messerschmitt, n'kumaponya madayisi mpaka udzudzu utatibalalitsa. Tindegeti n'tating'ono zedi. Spitfire yeniyeni mapiko ake amatalika mamita 11.2 kuchoka nsonga ina kukafika ina. Ikachepetsedwa ka 200, monga zilili m'masewera a Blood Red Skies a kampani ya Warlord Games, imatsala masentimita 5.6 okha. Ya 1/300 ndi masentimita 3.7, ndipo ya 1/600 sikwana n'komwe masentimita awiri, sisiyana kwenikweni ndi njuchi.

Vuto limene latidyera nthawi yambiri ndi lakuti umatha madzulo anayi ukupenta kandege kamodzi, maso ali tong'o, khosi lili gwa, ndiye ukangoseweretsa kawiri, m'mphepete mwa mapiko mwayamba kale kung'anima chitsulo. Ukapakanso, Loweruka linalo zayambiranso. Alamu anga poyamba ankanena kuti mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anawagulira penti wachinyengo. Ndinawabwereka timabotolo tomweto n'kupentera ndege zanga, ndipo mpaka lero sizinasupuke. Penti analibe mlandu.

Musathamangire bulashi. Tengani kandegeko, mupite nako poyera, muyang'anitsitse pabalapo. Chimene chikuoneka pansi pa penti wosupukayo ndi chimene chikuuzeni pamene ntchito inalakwika.

Pabala pakaoneka chitsulo kapena pulasitiki

Apa zonse zachoka pamodzi, mtundu ndi pulaima yemwe (penti woyambirira wa pansi), ngati khungu la mbatata yophika. Ndiye kuti penti sanagwire thupi la ndege kuyambira tsiku loyamba, anangokhalapo pamwamba. Zifukwa zimakhala ziwiri, ndipo kawirikawiri zimayendera limodzi.

Choyamba ndi mafuta. Tindege ta chitsulo ndi ta resin (mtundu wina wa pulasitiki) amatiumba m'chikombole, ndipo kuti tisakanirire mmenemo amathiramo mafuta kapena ufa woterera. Zimenezi zimabwera nato mpaka kuno. Maso saziona, koma dontho la madzi likagwera paphiko n'kudzikundika ngati mkanda m'malo moyala, dziwani kuti mafuta alipo. Pamwamba pa mafuta a kufakitale timaonjezerapo athu, thukuta la mu October ndi zala zimene zangochoka kumene pa chambo chokazinga. Mankhwala ake ndi otsika mtengo kuposa china chilichonse m'ntchitoyi: madzi ofunda, madontho awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale, ndi mswachi wakale. Kwechani pansi ndi pamwamba, tsukuluzani bwino, muyanike pa tishu. Sopo wosambira ayi, chifukwa ambiri amakhala ndi mafuta ofewetsa khungu, ndiye mwachotsa mafuta ena n'kupakapo ena. Kwathu madzi a pamjigo amasiya timizere toyera akauma, choncho ndimatsukuluza komaliza ndi madzi a mvula osefa kapena a m'botolo.

Mukatsuka, zala zisakhudzenso kandegeko mpaka ntchito itatha. Ine ndimakamata ndi Prestik pa chitsekerero cha botolo, kapena kukabaya pa kawaya n'kupana kawayako ndi chopanira zovala. Chogwira chikhale chitsekererocho.

Chachiwiri ndi kulumpha pulaima. Penti wa acrylic, monga wa Vallejo kapena Tamiya, sagwira bwino chitsulo chosalala. Pulaima ndiye nkhoswe pakati pa awiriwa: amaluma chitsulo, n'kusiya pamwamba pokhakhala pang'ono poti mtundu ugwirepo. Wopangira zidole sapezeka m'masitolo a kuno, koma pulaima wotuwa wa m'chitini chopopera, amene amagulitsa ogulitsa zipangizo za galimoto, amagwira ntchito bwino pa chitsulo ndi pa resin. Pa pulasitiki samalani naye, chifukwa mukathira wambiri nthawi imodzi amadya pamwamba pake n'kuchita makwinya. Gwedezani chitini mphindi ziwiri zathunthu, muime masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa kandegeko, mupopere modutsa, psi, psi, osaima pamalo amodzi. Ulendo woyamba chitsulo chizionekerabe mkati. Dikirani pang'ono, mubwereze. Pa kandege ka 1/300, pulaima wokhuthala amakwirira mizere yonse ya pamapiko, kamatsala kosalala ngati kasopo kotha.

Pali chinthu china chimene amalangiza anthu a kumayiko ozizira chimene kuno chimatipweteka. Iwo amati popera panja dzuwa likuwala. Yesani zimenezo masana a mu October kapena November pano pa Mangochi, kutentha kutadutsa madigiri 35. Timadontho ta penti timauma tili m'malere, tisanafike pa ndege, ndipo timagwera pamenepo ngati fumbi. Kandege kamatuluka kokhakhala ngati sandipepala, ndipo ukakhula ndi chala ufa umatsalira pachala. Pulaima wotereyu sanagwire kanthu, adzachoka ndi mtundu wonse umene mupakepo. M'nyengo yotentha ndimapopera m'mawa kwambiri, anthu akuchokera kumzikiti, dzuwa lisanakwere, ndili pamthunzi. M'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August, mdani amakhala mphepo ndi fumbi, choncho ndimapopera m'katoni yogoneka cham'mbali, ndikatha n'kuvundikira ndi beseni.

Kuti mudziwe ngati pulaima wagwira, musiyeni tsiku lathunthu, kenako mumate kachidutswa ka masking tape kumimba kwa ndege n'kumatula. Tepi ikabwera yoyera, pitirirani. Ikabwera ndi zotuwa, bwererani ku sopo. Bola kubwerera tsopano kusiyana n'kubwerera mutajambula kale mizere ya kamufulaji, mitundu yobisa ndege kwa adani.

Pulaima akakhalapo koma mtundu wachoka

Bala lotere limaoneka lotuwa, osati long'anima. Maziko ali bwino, cholakwika chili pamwamba. Nthawi zambiri ndi penti wokhuthala. Kuno acrylic amayamba kuuma akadali pa bulashi. Umathira dontho m'mbale, ukapenta phiko limodzi n'kubwerera, dontho lija lachita kale khungu. Ndiye umakhala ukupaka phala, ndipo phala limangogona pamwamba, siliyala n'kulowa m'timakwinya ta pulaima.

Chimene chinandithandiza ndi kambale konyowa. Tengani kontena ya majalini yokhala ndi chivundikiro, muyalemo tishu wopinda kapena siponji yopyapyala, muthire madzi mpaka zinyowe koma osasefukira, pamwamba muyale pepala lija amayala m'chiwaya pophika keke. Penti muzithira papepalapo. Chinyezi chimakwera pang'onopang'ono kuchokera pansi, penti n'kukhala wamadzi madzulo onse. Muzisintha madziwo kawirikawiri, chifukwa m'nyengo ya mvula masiku atatu okha amakwana kuti muyambe kumera nkhungu ndi kununkha. Penti asungunuke mpaka afanane ndi mkaka. Ulendo woyamba adzaoneka wamawangamawanga ndipo mtima udzafuna kuonjezera. Ulezeni. Maulendo awiri kapena atatu opyapyala amalimba kuposa umodzi wokhuthala.

Cholakwa china ndi changu, ndipo apa ndinene zoona, ndi matenda anga. Acrylic amauma pamwamba m'mphindi zochepa, koma kuti akhwime mpaka pansi pamafunika tsiku lathunthu kapena kuposa. Enamel, monga wa m'tizitini ta Humbrol, amafuna maola asanu ndi limodzi musanapake ulendo wachiwiri, ndipo kukhwima kwenikweni ndi masiku angapo. Ndinapentapo gulu la Hurricane zisanu ndi imodzi Loweruka m'mawa, madzulo ake n'kupita nazo kunkhondo. Zinabwerako ndi zidindo za zala za alamu anga pamsana. Iwo anangoti, "Alamu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukanazisiya zigone kaye." Ndinalibe poyankha.

Pamene mwagwira kale bulashi, kumbukiraninso kuti kanthu kakang'ono kamaoneka kakuda kuposa mmene kalili. Mitundu ya ndege za ku Britain za mu 1940, Dark Green ndi Dark Earth pamwamba, mukaipaka monga ilili m'botolo pa kandege ka 1/300, patebulo imangooneka ngati chikumbu chakuda. Sakanizanimo kadontho ka penti woyera kapena wachikasu chotuwa kuti mizere isiyane munthu ali chiimire.

Kandege kakatuwa mbuu mutathira vanishi

Ili ndiye limapweteka mtima kwambiri, chifukwa limabwera ntchito yonse itatha. Vanishi ndi wofunika, popeza ndiye amalandira zala m'malo mwa penti. Koma mumapopera vanishi wosawala uja, mukabwerako pakatha theka la ola n'kupeza ndege zonse zatuwa ngati mwana wosewera paphulusa.

Walira mvula walira matope. Mu November timadandaula kutentha, mvula ikagwa mu December mpaka March mpweya umadzaza chinyezi, makamaka ife okhala pakati pa nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe. Vanishi akamatuluka m'chitini amazizira, chinyezi cha mumpweya chimasanduka timadontho tosaoneka, ndipo timatsekeredwa mkati mwa vanishi akamauma. Kutuwako n'kumeneko. Zimachitikanso ngati chitini sichinagwedezedwe mokwanira. Vanishi wosawala amakhala ndi ufa wosalala kwambiri umene umathetsa kung'anima, ndipo ufawo umadikha pansi pa chitini. Mukapanda kugwedeza, ufawo umatha kutuluka wambiri nthawi imodzi.

Musataye ndegezo, ndipo musayambe kupala. Zisiyeni ziume tsiku limodzi pamalo ouma, kenako pakani ndi bulashi vanishi wowala, wopyapyala. Amalowa m'timaenje tija n'kusalaza pamwamba, ndipo kawirikawiri mitundu imabwerera pamaso panu pomwepo. Akauma mutha kupakanso wosawala, koma ndi bulashi. Ine kuyambira December mpaka March chitini cha vanishi sindichikhudza. Miyezi inayo, ndisanapopere ndege, ndimayamba ndayesa pa supuni ya pulasitiki yopentedwa zakuda. Supuni ikatuwa, tsiku limenelo si lopopera.

Vanishi wowala ali ndi ntchito inanso. Timasitika tonyowetsa m'madzi tija, ta zizindikiro zozungulira za ndege za ku Britain ndi mitanda ya ndege za ku Germany, tikamatidwa pa penti wosawala timatsekera mpweya pansi pake, n'kumang'anima m'mphepete ngati mamba a usipa. Pakapita nthawi timatukuka n'kugwa. Dongosolo lake ndi ili: mtundu, vanishi wowala, sitika, vanishi wowala kachiwiri, wosawala pomaliza. Sitika ikakana kugona pamalo opindika, idonthezereni viniga woyera wosungunula ndi madzi, mudikire ifewe, muitsindire ndi kathonje. Ikang'anima kale, ibooleni timabowo ndi nsonga ya singano, mudonthezepo vanishi wowala kuti alowe pansi. Mapepala a timasitika otsala muziwasunga m'kajumbo kotseka, chifukwa chinyezi chimawamatitsa ndipo mphemvu zimakonda guluu wake.

Penti akamananda osauma

Papita sabata, koma ukagwira kandege kamamata chala. Funsani kaye kuti n'kopangidwa ndi chiyani. Pulasitiki wofewa, wopindika ngati wa zidole za ana, sagwirizana ndi enamel kapena penti wopopera wokhala ndi thinazi wamphamvu. Mankhwala amene amafewetsa pulasitikiyo amasakanikirana ndi penti, ndipo sadzauma ngakhale mudikire mpaka Khirisimasi. Pa pulasitiki wotere pakani pulaima wa acrylic ndi bulashi, mitundu yonse ikhalenso ya acrylic.

Koma pakhonde pathu tinapeza chifukwa china chimene sitinkachiganizira. Ndege za mnzathu mmodzi, mphunzitsi, zinkananda malo amodzi okha, m'mbali mwa thupi pamene zala zimagwira. Anasintha penti, anasintha vanishi, osathandiza. Tsiku lina ndinamuona akudzola mafuta othamangitsa udzudzu m'manja, kenako n'kunyamula Messerschmitt yake. Mafuta ambiri otere amakhala ndi mankhwala otchedwa DEET, ndipo DEET amasungunula vanishi, penti ndi mapulasitiki ena. Werengani pa botolo lanu. Sindikuti musiye kudzola, malungo a kuno si ocheza nawo. Dzolani m'miyendo, m'mikono ndi m'khosi, koma musambe m'zikhato ndi sopo musanakhale patebulo. Tsopano pakhonde pamakhala beseni la madzi ndi kansalu, ndipo mbale ya chipisi imabwera nkhondo ikatha.

Za galasi la pamene amakhala woyendetsa ndinene mwachidule, popeza zimakhudza ndege zokulirapo za 1/144 ndi 1/72. Likachita chifunga choyera mkati, wapalamula ndi supagulu. Nthunzi yake imakakamira pamene pali chinyezi ndi mafuta a zala, mwakuti apolisi amagwiritsa ntchito nthunzi yomweyi poonetsa zidindo za zala. Galasi limatidwe ndi guluu woyera wa matabwa, amene akauma saoneka. Pa 1/200 ndi zocheperapo galasi limangopentedwa: buluu wotuwa, ndi kadontho koyera pakona.

Zala ndi bokosi

Ngakhale mutachita zonsezi, penti sangapirire kugwidwa kosalekeza. M'masewera a Blood Red Skies kandege kamakhala pa kamtengo kopendekeka, ndipo umakaweramitsa kapena kukadzutsa posonyeza ngati kali pabwino kapena pangozi, ndiye manja sachokapo. Lamulo lathu ndi lakuti munthu agwire tsinde, osati mapiko. Kuti lamuloli ligwire ntchito, tsinde liyenera kukhala lolemera ndi lolimba, apo ayi kandege kamagwa chafufumimba nthawi iliyonse wina akagunda tebulo, ndipo nsonga za mapiko ndi zimene zimayamba kufika pansi. Ife timapanga tokha: washala yaikulu pansi, kachidutswa ka sipoko ya njinga choimirira, zomatidwa ndi guluu wa epoxy wosakaniza ziwiri uja. Wokonza njinga za kabaza aliyense ali ndi masipoko othyoka amene angakupatseni.

Pamwamba pa sipoko ndi kumimba kwa ndege timaikapo timaginito ta neodymium ta mamilimita awiri kapena atatu. Musanamate, lembani kadontho ndi cholembera mbali imene iyang'ane kunja, ndipo ndege zonse zitsatire maginito amodzi oyesera. Ndinalakwitsapo pa ndege zinayi, zinkakana kukhala pamtengo uliwonse kupatula wake, ndipo kuzula kamaginito komatidwa ndi supagulu kumachotsa ndi penti yemwe. Timaginito timeneti tisungidwe kutali ndi ana, chifukwa mwana akameza tiwiri timakokana m'matumbo, ndipo imeneyo ndi nkhani ya opaleshoni. Tindege tina ta chitsulo, makamaka takale, timakhalanso ndi mtovu wa lead, choncho si toseweretsa ana, ndipo mukapala musambe m'manja. Resin muzipala ali wonyowa kuti fumbi lake lisalowe m'chifuwa.

Mabala ambiri sachitikira n'komwe patebulo, amachitikira panjira. Tindege tikaunjikidwa m'chitini chimodzi n'kukwera kabaza pamsewu wa mabampu, timakhulana tokhatokha ulendo wonse. Pezani chitini cha mabisiketi chachitsulo, maginito a kumimba aja agwire pansi pake, kandege kalikonse patali ndi kanzake. Chitinicho musachisiye m'galimoto yoima padzuwa kapena pamwamba pa kabati pafupi ndi malata. Kutentha kwa pamenepo kumafewetsa resin ndi pulasitiki, mapiko n'kugwa ngati a nkhuku yodwala chitopa, ndipo phiko likapindika penti amang'aluka. Lopindika kale limawongoka: liviikeni m'madzi otentha, osati owira, kwa masekondi ochepa, muwongole ndi zala, mulowetse m'madzi ozizira mukadagwira. Timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato muziponyamo m'nyengo ya mvula.

Pofunika kuyambiranso

Bala laling'ono la pansonga silifuna kufufuta ndege yonse. Palani m'mphepete mwake pang'ono, pukutani ndi kathonje konyowa ndi sipiriti osakhudza penti wabwino, dontheza pulaima ndi bulashi, mtundu, vanishi. Koma ngati tepi ikumatula penti paliponse pamene mwaimata, musadzivute ndi zigamba. Viikani kandegeko mu sipiriti wofiirira uja kapena isopropyl alcohol kwa maola angapo, acrylic amafewa n'kuchoka ndi mswachi. Dettol wabulauni amachotsanso penti pa pulasitiki mukaviika usiku wonse, koma mukweche kaye penti yense musanathire madzi, apo ayi amasanduka ulimbo. Acetone, amene amapezeka m'mankhwala ambiri ochotsera penti wa m'zikhadabo, ndi wa ndege za chitsulo zokha. Ya pulasitiki mukaiviikamo mudzavuula phala. Resin amasiyanasiyana, wina amafewa mu sipiriti, ndiye yesani kaye pa kachidutswa kotsala ndipo musaviike nthawi yaitali.

Pashelefu panga pali ndege imodzi imene si yankhondo. Ndi Short Solent, ndege yotera pamadzi ya mtundu umene kampani ya BOAC inkatera nawo ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950 pa ulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg. Mapiko ake anali opitirira mamita 34, ndiye pa 1/300 ndi masentimita 11 ndi theka. Ndinaisema ndekha ndi mtengo wofewa ndi timapulasitiki, ndipo thupi lake lalikululo limaonetsa cholakwa chilichonse. Ndaifufuta kawiri, koyamba chifukwa cha pulaima wa masana a mu October, kachiwiri chifukwa cha vanishi wa mu February. Pano yapentedwa kachitatu, ili pansi pa beseni. Alamu anga amafunsa Loweruka lililonse kuti ibwera liti patebulo, ine ndimawauza kuti adikire mwera uyambe.